Kabokosi Kakuda

Anatipatsa masiku atatu kuti tisamuke.
Ndinasiya kapu pazenera la hositelo ku Braamfontein,
tiyi akadali m'kati,
poyesa kuti ndi za milungu itatu chabe.

Mabasi a kumudzi anaima. Ku Beitbridge anatseka chipata.
Ndinanyamula chikwama kupita ku Rosettenville
kwa malume anga a Dzoole,
kachipinda ka kuseri kwa nyumba ya Mpwitikizi,
katani pakati, mbaula pakona,
anthu anayi, ine wachisanu.

Yunivesite yonse, masitepe ake, laibulale, mitengo ya jakaranda,
inalowa m'foni yong'aluka galasi.
Ndinkaitsamiritsa ku botolo la shuga.
Mayi Maseko ankayamba kufotokoza za kulimba kwa konkire,
mwadzidzidzi n'kuuma, kukamwa kuli yasa,
dzanja m'mwamba ngati akulumbira kukhoti,
ine n'kumadikira kuti netiweki iwamasule.
Pobwerera ankakhala atadumpha kale masamba anayi.

Bandulo yotchipa ndi ya usiku.
Ndinazolowera kudzuka nthawi ya afiti,
kukhala pakhonde, bulangete kumutu,
chisanu cha Juni cha ku Joni chikuluma zala,
kukoka maphunziro a dzulo
galimoto ya asilikali ikuyenda pang'onopang'ono mumsewu.
Malume, amene lesitilanti yomwe ankatsukako mbale inatsekedwa,
ankatuluka ndi madzi otentha a mandimu,
n'kumayang'ana kamzere kakukwawa pafoni.
"Kafika pati?"
"Theka."
"Kalimbe mtima."

Kamera sindinkayatsa.
Aone chiyani? Matewera a Upile pachingwe?
M'kalasi ya anthu zana ndinali kabokosi kakuda,
dzina langa pansi, lolembedwa molakwika.
Kuno tinaphunzira kale kumeza mawu,
kuyankha ndi mutu wokha muthekisi
kuopa kuti lilime lingatigulitse.

Lachinayi lina ndinaiwala kutseka maiki.
Upile anagwira chingwe cha tchaja n'kukoka,
ine n'kukuwa: "Iwe, tasiya! Ndikukwapula!"
Kalasi yonse zii.
Kenako phwete, kuchokera ku Soweto, ku Tembisa, ku Polokwane,
phwete lodukaduka ngati wailesi yotha mabatire.
Ndinalakalaka pansi patang'ambika.

Ndiye pakona pa galasi panatuluka timawu
tochokera ku kabokosi kena kakuda,
ka mtsikana amene chaka chathunthu ndinkakhala kumbuyo kwake,
wolankhula Chizulu chosalala ngati wobadwira momwemo:
"Musam'menye mwanayo, achimwene."

Ndinawerenga kanayi.

Ndi Ndaziona, kwawo ku Balaka,
pano ali ku Yeoville, pamwamba pa shopu ya matayala.
Kwawo magetsi akazima, kwathu amayaka,
choncho tinagawana mdimawo:
iye kumvera za m'mawa, ine za masana,
manotsi kumatumizirana pa zithunzi zopendekeka,
chala chake chachikulu chikusuzumira m'mphepete mwa tsamba lililonse.
Nkhope yake ndinkaikayikira. Chalacho ndinkachidziwa.

Mayeso ndinalembera pabedi.
Ndinatumiza patatsala mphindi ziwiri,
malume atakweza foni pazenera ngati muuni,
Upile atam'tseka pakamwa ndi bisiketi.
Ndinakhoza, koma mosanyaditsa.

Mayi Maseko sanamalize nafe chaka.
Kabokosi kawo kanazima mu Julaye;
panabwera bambo wina wolankhula mothamanga
amene anatiwerengera uthenga wa mizere itatu.
Kumaliro sitikanapita.
Wina anati tiyatse makamera, mphindi imodzi yokha.
Ndinayatsa.
Ndinaona makatani a anthu ena, mbaula zawo,
denga lodontha, mbuzi ikudutsa kumbuyo kwa mnyamata wa ku Giyani,
matewera pachingwe, osati athu okha.
Ndaziona anali atavala chipewa cha ubweya chobiriwira.
Palibe anayankhula. Netiweki sinaduke.

Kapu ija ikadali pazenera, ndikuganiza.
Usiku wina, kamzere kakamakwawa,
ndimadzifunsa kuti mwamera chiyani m'katimo.